Wogulitsa anthu sabwera ndi mfuti



Sabata yatha ndinapezerera mtsikana wina wa Fomu 4 akuwerenga buku pansi pa desiki, ine ndili kalikiliki kulemba pa bolodi. Ndinalanda monga mwa masiku onse. Koma madzulo ake, m'malo mochonga makope, ndinayamba kulisuzumira. Kunena zoona, ndinakagona tambala atalira.

Bukuli ndi Hard Evidence la Pamela Clare, lomwe linatuluka mu 2006. Nkhani yake ikuchitikira mu mzinda wa Denver ku America. Mtolankhani wamkazi, Tessa Novak, akuona mtsikana akuomberedwa iye akupenya. Pofufuza za imfayo akukumana ndi Julian Darcangelo, wapolisi wachinsinsi amene akusaka chigawenga chozembetsa ndi kugulitsa atsikana. Zotsatira zake mukuzidziwa kale: kukayikirana, mfuti, kenako chikondi. Muli masamba ena oti sindingawerenge pamaso pa mwana wasukulu, n'chifukwa chake bukulo ndinalipereka kwa mayi ake, osati kwa iye.

Komatu chimene chikundisowetsa mtendere si masamba amenewo ayi. Ndi phunziro limene mwana amatola m'mabuku a mtundu uwu. Choyamba, amaphunzira kuti wogulitsa anthu ndi chilombo chachilendo, chonyamula mfuti, choti ungachizindikire chili patali. Chachiwiri, amaphunzira kuti zikathina kudzatulukira mwamuna wooneka bwino kudzamupulumutsa. Zonse ziwirizi ndi bodza, ndipo lachiwirilo ndiye loopsa zedi, chifukwa ndi nyambo yomweyo imene anthu oipawa amakolera atsikana. Ambiri sagwidwa pakhosi. Amalonjezedwa ntchito, sukulu kapena ukwati, ndipo wolonjezayo amakhala chibwenzi, mnansi kapena mnzawo wa pa Facebook.

Amene anaiona bwino nkhaniyi ndi Amma Darko wa ku Ghana, m'buku lake la Beyond the Horizon, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1995. Mmenemo Mara akuitanidwa ku Germany ndi mwamuna wake weniweni, Akobi, ndipo ndi yemweyo amene akumukankhira mu uhule. Mulibe ngwazi yobwera kudzathyola chitseko. Ndi buku lowawa, koma silinamiza mwana.

Tisamayese kuti izi n'zakutali. Mu 2024 a BBC anaonetsa nkhani ya amayi a kuno ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino. Atafika analandidwa mapasipoti, n'kumagwira ntchito zam'nyumba ngati akapolo, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Oposa 50 anabwerera kumudzi, ndipo chinawathandiza si mwamuna wamfuti. Linali gulu la pa WhatsApp limene amayiwo ankauziranapo mavuto awo, pamodzi ndi anthu amene anamva kulira kwawo n'kuchitapo kanthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Wopezeka wolakwa akhoza kukhala kundende zaka 14, ndipo ngati wogulitsidwayo ndi mwana, zaka 21. Koma lamulo limafika madzi atatayika kale.

Ndiye tizingolanda mabukuwa basi? Ine ndikuti ayi. Mwana amene akubisa buku la masamba mazanamazana pansi pa desiki ali ndi njala yowerenga, chinthu chimene timachilira tsiku ndi tsiku. Tikalanda, tikhale naye pansi. Timufunse kuti: mtsikana wophedwa uja anafika bwanji m'manja mwa anthu amenewo? Anamulonjeza chiyani? Nanga iwe, munthu atakuuza kuti akulipirira ndege, pasipoti akusungira yekha, makolo usawauze, ungatani? Mafunso atatu amenewa akhoza kuposa phunziro la teremu yonse.

Ndipo inu ana anga amene munamaliza Fomu 4 n'kukhala pakhomo opanda chochita, ndikudziwa kuti umphawi umapweteka. Koma ntchito yeniyeni siiopa mafunso. Funsani dzina la kampani, onani pangano lolembedwa, uzani akuluakulu, ndipo pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi anzanga, inu mumatani mukagwira mabuku otere? Ndiuzeni maganizo anu.