ZOONA PA ULENDO: Nsanja ya George Washington ndi zimene siichula

 Mlungu uno ndifuna tikambirane za nyumba ina imene ndinakaiona ku America, cifukwa ciibwerere kumeneko mtima wanga sunaleke kufunsa funso limodzi: kodi munthu wamkulu akamwalira, ndani amasankha zimene ana a mtsogolo adzamva za iye?

Mukatsika sitima pa siteshoni ya King Street mu mzinda wa Alexandria, m'cigawo ca Virginia, pafupi ndi likulu la dziko lija la Washington, cinthu coyamba kucita naco cidwi ndi nsanja yamiyala imene yaima pamwamba pa kaphiri kochedwa Shooter's Hill. Kutalika kwake ndi mamita 101. Kuti mumvetse bwino, kumbukirani kuti mathithi athu a Mosi-oa-Tunya, pamene madzi amagwa patali koposa, ndi mamita 108; cotero nsanjayi yangoperewera pang'ono. Dzina lake ndi George Washington Masonic National Memorial, ndipo ndi cikumbutso ca George Washington, Pulezidenti woyamba wa dziko la United States of America.

Cimene cinandidabwitsa ndico cakuti nyumba yaikulu cotere siinamangidwe ndi boma ai. Anaimanga ndi amuna a cigwirizano cochedwa Freemasons, kapena mwacidule a Mason, pokumbukira mmodzi wa iwo.

Ndidziwa kuti ena pakumva dzina limeneli ayamba kale kunong'onezana. Tiyeni tinene zimene zidziwika poyera. Liu lakuti Mason litanthauza mmisiri womanga ndi miyala. Cigwirizanoci cinamera pa magulu a amisiri otere ku Britain, koma m'kupita kwa nthawi munayamba kulowa anthu amene sanagwirepo mwala ndi kamodzi komwe: amalonda, asilikali, madokotala ndi ena otero. Likulu lao loyamba linakhazikitsidwa ku London m'caka ca 1717. Amachulana kuti abale, amalumbira polowa, amasonkha ndalama zothandizira osauka, ndipo ali ndi miyambo ndi zizindikiro zimene saulula kwa munthu wakunja. Ife amene tinakulira pafupi ndi dambwe sitingadabwe kwambiri ndi mkhalidwe wotere: gule aliyense amaonera pabwalo, koma za kudambwe adziwa eni ake. Ndi zoonanso kuti si onse amene amawavomereza. Mpingo wa Katolika unaletsa anthu ake kulowamo kuyambira m'caka ca 1738, ndipo lamulolo likalipo. Ine ndinapita monga mlendo wofuna kuona, ndipo nyumbayi njotsegukira aliyense, mwamuna kapena mkazi.

George Washington anabadwa pa 22 February 1732. Analowa m'cigwirizano ca a Mason m'tauni ya Fredericksburg m'caka ca 1752, ali mnyamata wa zaka 20. Pambuyo pake anatsogolera asilikali a dziko lake pa nkhondo yocotsa ulamuliro wa Angelezi, ndipo anakhala Pulezidenti kuyambira 1789 kufikira 1797. M'caka ca 1788 a Mason a ku Alexandria anamlemba kukhala mkulu wa nthambi yao, imene ili ya nambala 22. Pa 18 September 1793 iye anaika mwala wa pangodya wa nyumba ya malamulo ya Capitol atabvala epuloni ya a Mason, m'dzanja muli mpeni wasiliva wopakira dothi pomanga. Atamwalira pa 14 December 1799, abale ake a m'nthambi ija anacita mwambo wao pa maliro ake.

Tsono imvani cimene cinabala nsanjayi. A Mason a ku Alexandria anali kusunga zinthu zambiri za Washington zimene a pabanja ndi mabwenzi anawapatsa. Anaziika m'cipinda cina m'nyumba ya khonsolo ya mzindawo, poganiza kuti kumeneko n'kotetezeka. Koma cakudza siciimba ng'oma. M'caka ca 1871 moto unabuka nunyeketsa nyumbayo. Anthu anapulumutsa zambiri, koma zina zinasanduka phulusa, ndipo palibe ndalama imene ikanazibweza. Kuyambira pamenepo anayamba kulakalaka nyumba imene moto sungaidye.

Maganizo amenewa anatenga nthawi kuti akhwime. M'caka ca 1910 nthumwi za a Mason zocokera m'zigawo zosiyanasiyana zinakumana ku Alexandria ndi kupangana kuti nchitoyi ikhale ya onse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anayamba kukumba maziko m'caka ca 1922. Pa 1 November 1923 anaika mwala wa pangodya pamaso pa Pulezidenti Calvin Coolidge, ndipo anagwiritsa nchito mpeni womwe uja wa 1793. Nyumbayi inapatulidwa pa 12 May 1932, m'caka cimene Washington akanakwanitsa zaka 200, ndipo Pulezidenti Herbert Hoover analipo. Koma tsikulo m'kati munali mukali zipinda zambiri zosatha. Nchito yonse inatha m'caka ca 1970, patapita zaka 48 ciyambire kukumba.

Kodi anacedweranji cotere? Wotionetsa malo, mkulu wina wa imvi, anatifotokozera kuti eni ake anapangana kuti sadzakongola ndalama. Anali kumanga ndalama ikapezeka, naima ikatha. Njala ya cuma imene inagwa m'zaka za m'ma 1930 ndiponso nkhondo yaciwiri ya dziko lonse zinawabweza m'mbuyo, koma sanasinthe pangano lao. Ambiri amene anasonkha ndalama zoyamba anamwalira asanaone zipinda zam'mwamba. Ndinakumbukira nyumba zathu zina za misonkhano ndi za sukulu zimene zinaima pa mazenera, udzu numera m'kati, cifukwa amene anaziyamba anafuna kuti zithe iwo akali pampando. Pang'ono pang'ono ndi mtolo, koma pafunika anthu olola kuti mtolowo akautule ndi ena.

Mmisiri amene anajambula nsanjayi, Harvey Wiley Corbett, anatengera maonekedwe a nsanja yakale ya ku Alexandria wa ku Egypt, imene inali ndi moto pamwamba wotsogolera zombo usiku. Mukakwera makwerero a kutsogolo ndi kulowa pakhomo, mufika m'holo yaikulu ya zipilala zisanu ndi zitatu za mwala wosalala, ciliconse cotalika mamita 12. Ku mapeto kwa holoyo kwaima cifanizo ca mkuwa ca Washington, cotalika mamita opitirira 5. Anaciumba ndi Bryant Baker, ndipo anacibvundukula ndi Pulezidenti Harry Truman, amenenso anali wa Mason, m'caka ca 1950. Pa makoma awiri pali zithunzi zazikulu zojambula ndi Allyn Cox. Cimodzi cionetsa Washington pa mwambo uja wa mwala wa Capitol. Cina cimuonetsa ali m'chalichi ku Philadelphia pamodzi ndi a Mason anzake m'caka ca 1778.

Pamwamba amapita pa cikepe, kaja kacipinda kokweza anthu. Popeza nsanjayi imanka nicepa pokwera, zikepe zake siziyenda molunjika koma mopendama pang'ono. Pa nsanjika yacisanu ndi cinai pali khonde loonerapo kutali. Kucokera pamenepo ndinaona mtsinje wa Potomac, madenga a Alexandria, ndiponso patali denga lozungulira la Capitol.

Koma cimene cinandigwira mtima sicinali cacikulu. Inali wochi yakale ya m'cipinda cogona ca Washington. Usiku umene iye anatsirizika, mmodzi wa madokotala ake, Elisha Cullen Dick, amene analinso wa m'nthambi ija, anaiimitsa itangopitirira 10 koloko ndi mphindi 20. Mivi yake ikali pomwepo kufikira lero. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, pakuti cifanizo ca mkuwa cija cionetsa cimphona, koma wochi iyi ionetsa munthu amene anadwala pakhosi namwalira pa kama pake monga tonsefe tidzacitira.

Potuluka ndinakhala pa makwerero ndi kusinkhasinkha. Nyumba yonseyi imuonetsa Washington monga a Mason afuna kuti timuone: mbale wao, wobvala epuloni yao, wogwira zida zao. Sananame, zonsezo zinacitikadi. Koma mwini gule amabvina modzikometsera. Munthu amene angaone nsanja yokhayi angaganize kuti Washington anathera moyo wake m'misonkhano ya a Mason, pamene nthawi yake yambiri inathera ku nkhondo, ku boma ndi ku munda.

Pali zinthu ziwiri zazikulu za munthuyu zimene sizingaikidwe m'bokosi la galasi. Coyamba ndi ca ulemu. Nkhondo itatha m'caka ca 1783, asilikali onse ali m'manja mwake, iye anabweza udindo wake kwa aphungu a dziko nabwerera ku munda. Ndiponso atalamulira zaka zisanu ndi zitatu, anakana kuimanso pa masankho, ngakhale kuti panalibe lamulo lomletsa masiku amenewo. Anatsika yekha pampando, dziko niliphunzira kuti mpando si wa munthu mmodzi. Kunena zoona, ici cimposa miyala yonse ya pa kaphiri kaja.

Caciwiri ndi ca manyazi. Tsiku lotsatira ndinapita ku Mount Vernon, munda wa Washington, makilomita ngati 15 kum'mwera kwa Alexandria. M'caka cimene iye anamwalira, pa mundawo panali akapolo 317, ana a anthu amene anagwidwa kuno ku Africa. Mwa iwo, 123 anali ake a Washington mwini. Ambiri mwa otsalawo anali a cuma ca banja la mwamuna woyamba wa mkazi wake Martha. Munthu amene anamenyera ufulu wa dziko lake anadya thukuta la anthu opanda ufulu kwa moyo wake wonse. M'kalata yake ya masiye analamula kuti akapolo ake adzamasulidwe mkazi wake akadzamwalira, ndipo Martha anawamasula pa 1 January 1801 iye akali moyo. Koma enawo anakhalabe akapolo, nagawidwa kwa adzukulu monga ng'ombe, mabanja ena napasuka pomwepo. Manda ao ali m'nkhalango pafupi ndi manda a mbuye wao, opanda maina. Mwala wowakumbukira umene ulipo waukulu unaikidwa m'caka ca 1983, ndipo anaujambula ndi ophunzira a pa Howard University, sukulu yochuka ya anthu akuda.

Ngakhale ubale wa a Mason unali ndi mpanda wa khungu. Nthambi za azungu ku America zinakana anthu akuda kwa zaka zambiri, kotero kuti munthu wina wakuda wa ku Boston, Prince Hall, anayambitsa nthambi ya anthu akuda, imene inalandira cilolezo kucokera ku England m'caka ca 1784. Nthambi zochedwa ndi dzina lake zilipo mpaka lero.

Sindinena izi kuti ndinyoze nsanja ija. Amene anaimanga anacita cinthu cimene ambiri a ife talephera: anaona kuti moto wadya mbiri yao, nacitapo kanthu ndi ndalama za m'matumba mwao. Cimene ndinena ndi cakuti cikumbutso ciliconse cili ndi mwini wake, ndipo mlendo wanzeru amafunsa mafunso awiri: anamanga ndani, nanga anasiya ciani? Mafunso omwewa muwafunse mukapita ku Lusaka kukaona nyumba ya nambala 394 ku Chilenje, m'mene Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962 pomenyera ufulu wa dziko lino. Muone zimene zasungidwa, koma mufunsenso za amai amene anaphika nsima ya misonkhano ija, ndi anyamata amene anapalasa njinga usiku kupereka makalata.

Tsono tibwere kwathu kumudzi. Mudzi uliwonse uli ndi amene anauyamba, amene anadula mtengo woyamba ndi kukumba citsime. Kodi mpando wake uli kuti? Nanga nkhwangwa yake, cithunzi cake, makalata ake a msonkho? Zambiri zinadyedwa ndi ciswe, zina zinapsa pamodzi ndi nyumba ya udzu, zina ana anaseweretsa. Sitifunika nsanja ya mamita 101. Cikwanira cikasu ca citsulo cotseka bwino, coikidwa pamalo pouma, ndi buku limodzi la sukulu. Mwana wodziwa kulemba akhale pansi ndi agogo madzulo ano, alembe maina, zaka ndi kumene anthu anacokera. Alembe za mfumu, alembenso za amene anaisenzera katundu. Alembe zokoma, ndipo zowawa asazilumphe, pakuti adzukulu akadzazimva kwa alendo adzaleka kukhulupirira ngakhale zoona zimene tinawauza.

Nkhalamba zathu sizidzatidikira zaka 48.