ZA UMOYO WA M'BANJA: Mwana Akacedwa Kulankhula, Kodi Mlandu ndi wa Lilime?

M'midzi yambili, mwana akafika zaka 2 asanayambe kuchula mau omveka, akulu amamtsegula kukamwa ndi kuyang'ana pansi pa lilime. Pamenepo amapeza kacikopa kopyapyala konga ulusi kamene kamalumikiza lilime ndi pansi pa kamwa, ndipo mlandu umagamulidwa nthawi yomweyo: lilime ndi lomangika, lifunika kudula. Ena amapita naye ku cipatala, koma ena amafuna munthu wa lezala m'mudzi momwemo. Cimene ambili saciganizila ndi cakuti kacikopa kameneka ali nako munthu aliyense, ngakhale mlaliki wa pa chalichi ndi nduna yoweluza milandu pa bwalo la mfumu.

Lilime lilibe pfupa mkati mwace. Ndi mtolo wa minofu ya mitundu 8. Mitundu 4 imayambila ndi kuthela m'lilime momwemo, ndipo nchito yace ndiyo kusintha maonekedwe a lilime: kulitalikitsa, kulifupikitsa, kulitambasula ndi kupinda nsonga yace. Mitundu 4 inayo imacokela kunja kwa lilime, wina ku pfupa la cibwano, wina ku kapfupa ka pakhosi pamwamba pa kholingo, wina ku pfupa la mutu kunsi kwa khutu, ndipo wina kumwamba kwa kamwa. Iyi ndiyo imaturutsa lilime kunja, kulibweza, kulikweza ndi kulitsitsa. Minofu yonseyi imayenda pa lamulo la ubongo lodzela m'mitsempha. Ndi cifukwa cace munthu wamkulu wogwidwa ndi matenda ofa ziwalo angathe kulephela kulankhula bwino ngakhale lilime lace lilibe bala.

Cinyanja cimagwilitsa nchito mbali zonse za lilime. Pochula "atate" nsonga imagunda kuseli kwa mano a m'mwamba. Pochula "nyama" pakati pa lilime ndi pamene pamakwela. Pochula "nkhuku" kapena "ng'ombe" nsonga imakhala pansi, ndipo cakumbuyo kwa lilime ndiko kumatseka njila ya mpweya. Pochula "nsima", "madzi" ndi "tsopano" lilime liyenela kusiya kampata kakang'ono kuti mpweya udutse mofinyika, ndipo imeneyi ndi nchito yobvuta kwa kamwana. Koma pochula "amama" lilime lili ngati likupumula, pakuti milomo ndiyo imatseka ndi kutsegula. Nkosadabwitsa kuti mau onga amenewa ndiwo amakonda kuyamba m'kamwa mwa ana a mitundu yambili.

Khanda limabadwa ndi kamwa laling'ono, lodzazidwa ndi lilime, ndipo kholingo lace lili pamwamba kuposa la munthu wamkulu. Kamwa lotele linapangidwila kuyamwa. Pamene miyezi ikupita, nsagwada zimakula, kholingo limatsika, ndipo lilime limapeza malo oyendamo. Poyamba lilime ndi cibwano zimayendela pamodzi, cibwano cikatsika lilime nalo latsika. Zimatenga zaka kuti lilime liphunzile kuyenda palokha, ndipo kutafuna cakudya kuyambila pa miyezi 6 kumayendela pamodzi ndi kuphunzila kumeneku.

Ana amasiyana, koma ambili amayamba "ba-ba-ba" ndi "da-da-da" pakati pa miyezi 6 ndi miyezi 10, amachula liu loyamba pafupi ndi caka cimodzi, ndipo pa zaka 2 amalumikiza mau awili, monga "amama madzi". Mwana wa zaka 2 kapena 3 akati "tima" m'malo mwa nsima, kapena "tutu" m'malo mwa nkhuku, sakudwala ai. Watenga liu lobvuta ndi kulibweletsa pa nsonga ya lilime pamene iye wazolowela. M'caka ca 2018 akatswili awili a ku Australia, Sharynne McLeod ndi Kathryn Crowe, anasonkhanitsa zofufuza za ana oposa 26,000 a zinenelo 27, ndipo anapeza kuti ana ambili amatha kuchula bwino pafupifupi malembo onse a cinenelo cao pofika zaka 5. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Izi sizitanthauza kuti lilime lomangika kulibe. Liliko ndithu, ndipo limapezeka mwa ana ocepa pa ana 100 aliwonse obadwa, makamaka amuna. Kacikopa kaja kamakhala kakafupi kapena kolimba, mwina kofika ku nsonga yeniyeni, kotelo kuti mwana akafuna kuturutsa lilime nsonga imapindika pakati ndi kulephela kupitilila nkhama za pansi. Bvuto lace lalikulu limaoneka msanga, pa bele. Khanda limagwila bele ndi kulitaya, limayamwa nthawi yaitali osakhuta, mai amamva kuwawa ndi kucita zilonda ku nsonga za mabele, ndipo mzele wa pa khadi la ku sikelo sukwela. Zikatele, dokotala angathe kudula kacikopako ndi sizasi yophedwa tizilombo, nchito ya kanthawi kocepa. Koma pa nkhani ya kulankhula, gulu la madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi a ku America linagwilizana m'caka ca 2020 kuti kawilikawili lilime lomangika silisokoneza kalankhulidwe. Lingathe kubvutitsa mwana pa lembo limodzi kapena awili, koma silimletsa kudziwa mau, pakuti mau samasungidwa m'lilime.

Kudula pa mudzi kuli ndi ngozi zazikulu. Aliyense wokweza lilime pa kalilole adzaona mitsempha ya magazi iwili yakuda, wina uku wina uku, pafupi ndi kacikopa kaja. Pamunsi pace pali timipata totulukila malobvu. Khanda la makilogalamu 3 lili ndi magazi ongodzaza kapu imodzi ya tiyi, tsono lezala ikaphonya pang'ono, mwana angathe kufooka asanafike pa mseu waukulu, makamaka m'dzinja pamene mitsinje yadzaza. Lezala yosaphika imalowetsanso kafumbata ndi matenda ena oyenda m'magazi. Ndipo bala likapola ndi cipsela, lilime lingathe kumangika kuposa kale.

Palinso citayiko cina cimene sicioneka. Banja likakhulupilila kuti lathana ndi lilime, limakhala pansi kudikila mau, ndipo miyezi imapita osayang'ana kumene kuli bvuto lenileni. Nthawi zambili kumeneko ndi ku khutu. Mwana amachula cimene wamva. Lilime limayesa, khutu limamva cimene caturuka, ndipo ubongo umakonza, tsiku ndi tsiku. Ana ophunzila pa sukulu la ogontha ku Magwero, pafupi ndi Chipata, ali ndi malilime athunthu monga anzao onse. Khutu loturuka mafinya kawilikawili, cikuku, matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo ndi cikasu cacikulu ca khanda, zonsezi zingathe kuononga kumva, mwina pang'ono cabe, kotelo kuti mwana amamva ng'oma ndi kulila kwa galimoto koma mau a anthu amamdutsa.

Mai angathe kuyesa yekha. Mwana wa miyezi 9 akakhala pa mphasa, munthu wina aime kumbuyo kwace, osaoneka ndi osaponda mwamphamvu, amuitane dzina ndi mau otsika, mbali ino kenaka mbali inayo. Mwana wakumva amaceuka. Wosaceuka atayesedwa masiku angapo, wosayamba "ba-ba-ba" pofika caka cimodzi, wopanda liu lililonse pa miyezi 18, wosalumikiza mau awili atapitilila zaka 2, kapena amene anali kulankhula ndipo waleka, ayenela kuonedwa ndi a zaumoyo mosazengeleza. Kucedwa kwina kumacokela ku njala, kwina ku kakulidwe ka ubongo, ndipo izi nazo sizicila ndi lezala.

Makolo ena amada nkhawa kuti m'nyumba mumamveka Cinyanja, Cinsenga ndi Citumbuka, mwina ndi Cibemba ca alendo ocokela ku migodi. Zinenelo zambili sizicedwetsa mwana wa makutu abwino. Amazisakaniza poyamba, kenaka amazilekanitsa yekha. Cibwibwi naco sicicokela ku kacikopa ka pansi pa lilime. Cimakonda kuyamba pakati pa zaka 2 ndi 5, ndipo ana ambili cimawathela. Cimene cimathandiza lilime ndi kumva mau ambili a anthu amoyo: amai kuchula dzina la cinthu ciliconse posamba ndi podya, ambuya kusimba nthano madzulo, atate kuyankha mwana akawaitana ngakhale ndi mau opotoka. Mwana akati "tima", wamkulu angoyankha kuti "inde, nsima", popanda kumseka kapena kumkakamiza kubweleza.

Poyambila ndi pa kiliniki yapafupi, pa tsiku la sikelo. Anesi akaona kuti nkhani yawakulila, amalemba kalata yopita ku cipatala cacikulu monga Chipata Central kapena St. Francis ku Katete, ndipo ofunika kupimidwa makutu ndi makina angathe kutumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital kapena ku Beit CURE. Popita kumeneko mai anyamule khadi la mwana, akumbukile matenda onse amene mwanayo anadwala cibadwile, ndiponso akhale okonzeka kuchula mau onse amene mwana amanena kunyumba, pakuti pamaso pa alendo ana ambili amangoti zii.