Mwawerenga chidindo, bwanji osamaliza nkhani?

Ku Britain ndi m'maiko ena a ku Ulaya kuli anthu amene amagula ndi kusunga mfuti zachiwaya za asilikali a Hitler, makamaka MG 34 ndi MG 42. Ndi mfuti zofulidwa: mpope anautseka, zitsulo zam'kati anaziwotcherera, ndipo ku Britain zimayenda ndi satifiketi ya akuluakulu oyesa mfuti a ku London kapena Birmingham. Malamulo ake anawakhwimitsanso ku Ulaya mu 2015. Choncho ine sindikunena kuti awalande. Chondinyansa ndi momwe amawerengera zolembedwa pa zitsulozo.

Pa zidindo anthuwa ndi akadaulo, tisawanamizire. Kuyambira mu 1940, mafakitale a zida a ku Germany ankadinda tizilembo tachinsinsi m'malo mwa maina awo, kuti adani asadziwe koponya mabomba. Wosunga mfuti weniweni anatiloweza pamtima. "ar" ndi Mauser ya ku Berlin, "cra" ndi Maget, "bpr" ndi Großfuß ya ku Döbeln, kumene kunachokera pulani ya MG 42. Amatha usiku wonse akusuzumira kachiombankhanga kodindidwa ndi ofesi yoyendera zida ya Waffenamt, poti akathyali amadinda zabodza, ndipo zitsulo za M53, imene Yugoslavia inakopera nkhondo itatha, zimalowerera pakati. Adzakuuzani mosangalala kuti MG 42 inkalavula zipolopolo pafupifupi 1,200 pa mphindi.

Tsono afunseni za "dfb". Ayankha msangamsanga kuti ndi Gustloff-Werke ya ku Suhl, n'kutchula mtengo. Basi, nkhani yathera pageti la fakitale.

Tiyeni tilowe m'katimo. Fakitale ya ku Suhl inali ya banja lachiyuda la Simson. A Nazi anawalanda mu 1935, eni ake n'kuthawa m'dzikomo, kenako kampaniyo inapatsidwa dzina la Wilhelm Gustloff, mtsogoleri wa chipani cha Nazi ku Switzerland amene anaphedwa ku Davos mu 1936. Woyang'anira bungwe la kampaniyo anali Fritz Sauckel, yemwe uja anasamutsa anthu mamiliyoni m'maiko ogonjetsedwa kuti akagwire ukapolo ku Germany, ndipo ananyongedwa ku Nuremberg pa 16 Okutobala 1946. Kampani yomweyi inali ndi fakitale ina pambali penipeni pa ndende yozunzirako anthu ya Buchenwald, ogwiramo ntchito ali akaidi. Ku Buchenwald kunafera anthu pafupifupi 56,000.

Nayenso "bnz" sali bwino. Ameneyu ndi Steyr-Daimler-Puch wa ku Austria, amene ankagwiritsa ntchito akaidi a ku Mauthausen ndi Gusen. "dot" ndi fakitale ya ku Brno, m'dziko la Czechoslovakia limene Germany inali italipondereza. Zonsezi sizobisika. Munthu wotha kusiyanitsa chidindo cha 1943 ndi cha 1944 sangatiuze kuti Sauckel sanamumvepo.

Amadzitchinjiriza ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti chitsulo sichilakwa. Zoona, koma palibe amene akuzenga mlandu chitsulo. Tikufunsa munthu amene wachipachika pabalaza. Achiwiri ndi akuti akusunga mbiri. Mbiri yanji yodziwa nambala ya woyendera zida koma yosadziwa amene anakomoka ndi njala pamakina? Kumeneko n'kusankha zokoma zokhazokha. Ndipo ngati ndi mbiri chabe, n'chifukwa chiyani pamsika umenewu chinthu chikangokhala ndi chizindikiro cha gulu la a Nazi la SS mtengo umalumpha? Pali ena, osati onse, amene chikuwakoka si luso la amisiri ayi, ndipo ogulitsa amawadziwa bwino makasitomala awo.

Pempho langa silifuna lamulo latsopano ngakhale ndalama. Wogulitsa amene amalemba ndime yonse yofotokoza utoto wa mfuti ndi kugwirizana kwa manambala ake awonjezere mizere iwiri: fakitaleyi inali ya yani, inalandidwa liti, ankagwiramo ntchito ndani. Mabungwe a osunga mfuti aike zimenezi m'mabuku awo a zidindo, pafupi ndi zilembozo, osati kumapeto kumene safikako munthu. Ngati mizere iwiriyo ingagwetse mtengo, ugwe.

Inu amene muli ndi "dfb" m'nyumba, mlendo akadzafunsa tanthauzo lake, yambani ndi dzina la Simson.