Moto wosakira gwape ndi umbava basi

Abale anga a ku Luwani, tiuzane chilungamo. Ikangofika Julaye udzu n'kuuma, anyamata amatenga agalu, zibonga ndi machesi, ati kokasaka gwape. Phiri lonse lipse, iwo n'kubwerako ndi kalulu mmodzi ndi timbewa tochepa. Ukawafunsa, ati ndi chikhalidwe cha makolo. Bodza! Uzimba wa makolo unkadziwika kwa mfumu ndipo unali ndi nyengo yake.

Amene amavutika ndi mayi wosowa udzu wofolera nyumba, mbuzi zosowa msipu, komanso mtsinje wa Lisungwi umene umadzaza mchenga mvula ikakokolola nthaka yopanda udzu. Nanga mlamba ukhala pati?

Taonani ku Majete, kumunsi kwathuku. Pofika 1992 njovu zinali zitatha psiti chifukwa cha opha nyama mozembera. Bungwe la African Parks litalowa mu 2003, linachita kututa nyama kuchokera kwina: njovu mu 2006, mikango mu 2012. Ife gwape wathu akatha adzatibweretsera ndani?

Inu mafumu, aliyense woyatsa tchire mlipitseni mbuzi. Ndiwo za tsiku limodzi zisatisautse chaka chonse.