ZA PABANJA: Tiyeni Nawo Ana Akaone Utsi Wogunda

Masukulu akatsekera, m'makomo ambiri mumabuka funso limodzi: kodi anawa tichite nawo chiyani? Ena timawatumiza kumudzi kwa agogo, ena timangowaleka azizungulira m'komboni mpaka dzuwa kulowa. Tikamva za tchuthi chokayenda timaganiza za azungu ogona pamchenga m'mbali mwa nyanja yamchere, n'kunena kuti zimenezo si zathu poti Zambia alibe nyanja yotero. Komatu azungu omwewo amasiya nyanja zawo, nalipira ndalama zankhaninkhani kuti adzaone chimene ife tili nacho pakhomo: mathithi a Mosi-oa-Tunya, makilomita 10 okha kuchokera m'tauni ya Livingstone.

Ife manyazi adatigwira tsiku lina pamene mwana wathu wa giredi 7 adatifunsa ngati mathithi a m'buku lake la kusukulu alikodi. Tidayamba kusunga pang'onopang'ono, ndipo pa tchuthi cha Epulo tidakwera basi ya m'mamawa ku Lusaka. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 480, kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ndipo munthu amafika tsiku lomwelo.

Mathithiwa umayamba kuwamva usanawaone. Mtsinje wa Zambezi, umene pamenepa ndi wotambalala mamita 1,708, umagwera m'chiphompho chakuya mpaka mamita 108, ndipo nthunzi yake imakwera ngati utsi wa lupsa. N'chifukwa chake Amakololo adawatcha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda, pamene Atonga amati Shungu Namutitima. Muwauze ana kuti David Livingstone sadatulukire malowa ayi. Mu Novembala 1855 adachita kuperekezedwa pa bwato ndi anthu a mfumu Sekeletu mpaka pa kachilumba kamene lero kamadziwika ndi dzina lake, ndipo iye ndiye adawapatsa dzina la Mfumukazi Victoria. Ena mwa Amakololo amene ankayenda naye adakakhazikika m'chigwa cha Shire ku Malawi nakhala mafumu kumeneko. M'chaka cha 1989 bungwe la UNESCO lidaika mathithiwa m'kaundula wa malo amene ali chuma cha dziko lonse lapansi.

Nyengo yopitira muisankhe mwanzeru. Kuyambira Malichi mpaka Meyi madzi amakhala ochuluka, ndipo powoloka kamlatho ka Knife-Edge munthu amanyowa ngati wagwera m'dziwe. Mapepala ndi ndalama muzikulunge m'pulasitiki, ndipo ana muwatengere zovala zosinthira. Mwezi ukakhala wathunthu m'nyengo imeneyi, usiku pamaoneka utawaleza wa mwezi, chinthu chimene ambiri a ife timakalamba tisanachione. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imaphwa kwambiri, nthawi zina n'kungotsala thanthwe, monga zidaonekera m'chilala cha 2019. Tchuthi cha Ogasiti chili pakatikati: madzi alipo ndithu, koma nthunzi siphimba maso.

Mukachoka pa mathithi, pitani pa mlatho waukulu wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Adautsiriza m'chaka cha 1905, ndipo zitsulo zake zidasulidwa ku England, n'kubwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenaka pa njanji. Mtsinje uli pansi mamita 128. Cecil Rhodes, amene adafuna kuti mlathowu ukhale pomwe nthunzi ingamawaze sitima, adamwalira mu 1902 asanauone. A zoona za anthu otuluka ndi kulowa m'dziko amapereka kachiphaso kongofikira pa mlatho, choncho musaiwale zitupa zanu. Pamenepo mudzaona alendo akudziponya m'chiphompho atamangidwa chingwe m'miyendo. Kuonerera n'kwaulere, ndipo ife tidakhutira nako.

Tsiku lachiwiri tidalipereka ku mbiri. Livingstone ndiye adali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene boma lidasamukira ku Lusaka, ndipo nyumba zakale za makonde aatali zikuchitirabe umboni. Nyumba yosungiramo zakale ya Livingstone Museum, imene idayamba mu 1934, ndiyo yakale ndi yaikulu koposa m'dziko muno. Muli zida za miyala za makolo akalekale, zipangizo za mitundu yathu, makalata olembedwa ndi dzanja la Livingstone, ndiponso mbiri ya nkhondo yomenyera ufulu wa 1964. Ana aamuna sadafune kuchoka ku Railway Museum, kumene kuli mitu ya sitima zamalasha, zina mwa izo zimene zinkakoka matabwa pa njanji ya ku Mulobezi.

Masana tidasonkherana ndi banja lina kubwereka galimoto yolowera m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya National Park. Ndi yaing'ono, makilomita 66 m'bwalo lake lonse, koma muli njovu, njati, mbidzi, akadyamsonga, njiri ndi zipembere zoyera zimene alonda amfuti amazilondera usana ndi usiku poopa opha nyama mozemba. M'menemo mulinso manda a Old Drift, pamene azungu oyamba adamanga pafupi ndi doko lowolokera, malungo nawapulula, otsalawo n'kusamukira kumtunda kumene kuli tauni lero. Mandawo amatikumbutsa kuti m'mphepete mwa Zambezi udzudzu sudathe. Osagona popanda neti.

Amene ali ndi tsiku lachitatu angapite ku mudzi wa Mukuni, kwa Aleya, eni ake a dera la mathithi, kumene mfumu imalamulira pamodzi ndi mayi wolemekezeka wotchedwa Bedyango. Kumeneko ana amaona osema ziboliboli ali pa ntchito. Ena angafike ku Kazungula, makilomita ngati 70 kumadzulo, kukaona mlatho wa mamita 923 umene udatsegulidwa mu Meyi 2021, pamalo pomwe Zambia, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe amayandikizana.

Tsono mawu a chenjezo, pakuti safunsa adadya phula. Miyala ya pa mathithi ndi yoterera, ndipo malo ena alibe mpanda. Mwana wamng'ono asachoke m'dzanja lanu. Madzi odekha a kumtunda asakunyengeni, muli ng'ona ndi mvuu. Njira yotsikira ku Boiling Pot ndi yotsetsereka, ndipo pobwerera ndi chitunda chimene agogo sangachithe. Njovu zimadutsa mumsewu wa ku mathithi, makamaka m'chilimwe, choncho musauyende wapansi kukada. Anyani nawo ndi akuba opanda manyazi: ife adatilanda jumbo ya mabanzi m'manja mwa mtsikana wathu tisanaphethire n'komwe.

Nanga ndalama? Nzika za dziko lino zimalipira zochepa kwambiri pa zipata poyerekeza ndi alendo akunja. M'tauni muli nyumba zogona alendo zotsika mtengo, ndipo pa msika wa Maramba nsima ya nsomba siboola thumba. Bambo atawerengera zimene amasiya ku mowa m'miyezi itatu, mayi nawonso atapatula gawo la chilimba, basi yapezeka kale. Mabanja angapo angathenso kubwereka minibasi imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pobwerera, mwana uja adakhala chete mpaka ku Kalomo. Kenaka adatulutsa kope lake nayamba kulemba zonse adaziona, kuti akawerengere anzake sukulu ikatsegulira. Adangotifunsa chinthu chimodzi: “Atate, nanga agogo tidzabwera nawo liti?” Tayambanso kusunga.