Wosewera Mpira Si Kapolo wa Timu

M'chaka cha 2024 matimu a Bullets ndi Wanderers analimbirana Promise Kamwendo, womwetsa zigoli wa Dedza Dynamos, ndipo pamapeto pake mnyamatayu analowera ku Wanderers. Nthawi zonse mphekesera zotere zikamveka, ochemerera mpira kuno kwa Kaphuka amagawikana. Ena amati wosewera wofuna kuchoka ndi wosayamika ndiponso wadyera. Ine ndikuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo kuumirira wosewera kuti asachoke ndi nkhanza.

Taganizani za mlimi wa mbatata ya kachewere. Akamva kuti ku Lilongwe mtengo wakwera, kodi timamutcha wosakonda kwawo chifukwa wakweza matumba ake pa lole? Nanga wosewera walakwanji? Munda wake ndi miyendo, ndipo munda umenewu suchedwa kuguga. Ambiri akangopitirira zaka 30 mphamvu zimayamba kutha, pamene ena bondo limawathera tsiku limodzi. Akavulala, ife oimba m'bwalo sitimugulira ngakhale thumba la chimanga. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mbiri nayo ikutitsutsa. Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic. Atafika ku Orlando Pirates anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20, ndipo mu Januwale 2022 chigoli chake chomwetsa Morocco chinakweza dzina la Malawi pa Africa yense. Tikanamumanga pakhomo, bwenzi tikunyadira chiyani?

Ngakhale malamulo saloleza ukapolo wotere. Mu 1995 khoti la ku Ulaya, poweruza mlandu wa Jean-Marc Bosman, linagamula kuti wosewera amene mgwirizano wake watha ali ndi ufulu wochoka popanda timu yake kulipiritsa.

Choncho mkwiyo wathu ulunjike poyenera. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja kwa dziko, magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalamazo apite ku matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma timu yosalembetsa ana ake m'kaundula idzalandira bwanji? Tiwafunse atsogoleri a matimu athu ngati mapangano analembedwa bwino, ngati mtengo unali woyenera, ndiponso kumene ndalamazo zapita. Wosewerayo timutsanzike mwaulemu, pakuti mwana akakula samangidwa pamsana.