Tizilombo toyeletsa madzi a zimbudzi ku Kitwe tifuna magetsi osaduka

Zonyansa zocoka m'zimbudzi za pakati pa mzinda wa Kitwe, kumene kuli msika waukulu wa Chisokone, zimayenela kuyeletsedwa madzi ake asanabwelele mu mtsinje wa Kafue. Udindo umenewu uli m'manja mwa kampani ya Nkana Water, koma ogwila nchito enieni ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansazo.

M'matanki oyeletsela, madzi akuda amalowa uku, oyela natulukila uko, usana ndi usiku. Mu 1950, Jacques Monod ku France, komanso Aaron Novick ndi Leo Szilard ku America, anafotokoza lamulo la kawetedwe kotele. Madzi akamadutsa mofulumila kupambana mmene tizilombo timaswanilana, timakokoloka, ndipo zonyansa zimatuluka monga zinalowela. N'cifukwa cake matanki amakono amakhala ndi zipangizo zopima mpweya ndi asidi m'madzi, zimene zimalamula mapampu kuonjezela kapena kucepetsa mphamvu.

Zonsezi zimadalila magetsi. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambili pa tsiku. Pampu ikaima, zonyansa zimasefukila m'njila. Mpweya ukasowa m'thanki, tizilombo toudalila timafooka, ndipo kuti ticulukenso pamapita masiku.

Mtsinje wolandila madziwo naonso ngwovulala kale. Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, asidi analowa mu Mwambashi ndi Kafue, ndipo madzi a m'mipope ku Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi. Tisaiwalenso kolela imene inabuka mu October 2023 ndi kupha anthu oposa 700 m'dziko muno. Matendawa amafala pamene zonyansa zakumana ndi madzi akumwa kapena cakudya, ndipo pamsika mpamene ngozi imakula.

Conco mabungwe a NWASCO ndi ZEMA ayenela kuyankha mafunso aŵili poyela: kodi malo oyeletsela ali ndi magetsi apadela, nanga zotsatila za kupima madzi otuluka zimafika kwa anthu? Amalonda naonso ali ndi mbali yao. Mafuta okazingila, mapulasitiki ndi mankhwala otayidwa m'cimbudzi amatseka mipope ndi kupha tizilombo timene timateteza makasitomala ao.